Ndani Adzalandira Mlendo pa Chilumba cha Shikoku?

Pa 1 Epulo 2024, bungwe limene limagwirizanitsa akachisi 88 a Chibuda pa chilumba cha Shikoku, m'dziko la Japan, linakweza mtengo wa chidindo chimene munthu wapaulendo amadinditsa m'buku lake akafika pa kachisi aliyense. Mtengowo unachoka pa mayeni 300 n'kufika pa mayeni 500, ndipo aka kanali koyamba kuukweza patapita zaka pafupifupi 30. Pa tsiku lomwelo nthawi yotsegulira zipinda zodindira inasunthidwa kuchoka pa 7 koloko kufika pa 8 koloko m'mawa. Wowerenga wina angafunse kuti nkhani ya timakobidi ndi ya ola limodzi ikufuna chiyani pa tsamba lino. Koma akuluakulu anati utsi sufuka popanda moto. Kachisi amene wakhala akutsegula chitseko m'mamawa kwa zaka zambirimbiri sachedwetsa nthawi chifukwa cha ulesi, amatero chifukwa zinthu zakwera mtengo ndiponso manja ogwira ntchito achepa. Kuchepa kwa manja kumeneku ndiyo nkhani yathu ya lero.

CHILUMBA NDI NJIRA YAKE

Shikoku ndicho chaching'ono mwa zilumba zikuluzikulu zinayi za Japan. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18,800, ndipo chili ndi zigawo zinayi: Tokushima, Kochi, Ehime ndi Kagawa. Pozungulira chilumbachi pali njira ya makilomita pafupifupi 1,200 imene imalumikiza akachisi 88, kuyambira pa Ryozenji mumzinda wa Naruto mpaka pa Okuboji m'mapiri a Kagawa. Woyenda pansi amatha masiku 40 kapena 50 kuti aizungulire yonse, pamene wokwera basi amaitsiriza m'masabata osakwana awiri. Anthu oyenda ulendowu amatchedwa henro.

Onsewo amati akutsata mapazi a Kukai, mmonke amene anabadwa m'chaka cha 774 m'dera limene lero ndi Kagawa. Ali mnyamata anasiya maphunziro a ku likulu n'kukadzipatula m'mapiri ndi m'mapanga a kwawo, makamaka ku ndomo ya Muroto. M'chaka cha 804 anaoloka nyanja kupita ku China, kumene anaphunzira kwa mphunzitsi Huiguo mumzinda wa Chang'an, ndipo atabwerera mu 806 anayambitsa mpingo wa Chibuda wotchedwa Shingon. Sanali munthu wa mapemphero okha. Mu 821 anatsogolera ntchito yokonzanso dziwe lalikulu lothirira minda la Mannoike, limene alimi a ku Kagawa akuligwiritsabe ntchito, ndipo cha m'ma 828 anatsegula sukulu ku Kyoto imene inkalandira ana a anthu wamba pa nthawi imene maphunziro anali a ana a mafumu okha. Anamwalira mu 835 pa phiri la Koya, ndipo mu 921 mfumu ya Japan inamupatsa dzina laulemu loti Kobo Daishi, limene anthu amamudziwa nalo mpaka lero.

Mwambo umati Kukai yemweyo ndiye anakhazikitsa ulendowu mu 815, n'chifukwa chake mu 2014 anthu a pachilumbachi anachita chikondwerero cha zaka 1,200. Akatswiri a mbiri yakale amaona kuti chiwerengero cha akachisi 88 ndi ndondomeko yake zinakhazikika patapita zaka mazana ambiri iye atamwalira, ndi kuti anthu wamba anayamba kuyenda mwaunyinji mmonke wina dzina lake Shinnen atasindikiza buku lolozera njira mu 1687. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti ikutiuza kuti njirayi siinagwe kuchokera kumwamba. Anaipanga ndi anthu, ndipo chimene anthu apanga chimafuna anthu ochisamala.

ULENDO WA KU SHOSANJI

Kuti timvetse bwino, tiyeni titenge kachisi mmodzi. Shosanji ndi kachisi wa nambala 12, ndipo ali pa phiri m'boma la Kamiyama, m'chigawo cha Tokushima, pa msinkhu wa mamita pafupifupi 700. Akachisi 11 oyambirira ali m'chigwa cha mtsinje wa Yoshino, motalikirana pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amayamba kuganiza kuti ulendowu ndi wosavuta. Akachoka pa Fujiidera, kachisi wa nambala 11, zinthu zimasintha. Pali makilomita pafupifupi 13 a njira ya m'nkhalango, yokwera ndi kutsika mapiri katatu, imene imatenga maola 6 kapena kuposerapo. Eni dziko amatcha malo otere henro korogashi, kutanthauza pogwetsa apaulendo, ndipo ambiri amene amasiyira ulendo panjira amasiyira pamenepa.

Wofika pamwamba amalandiridwa ndi mitengo ikuluikulu yonga mkungudza imene yakhala pamenepo zaka mazana angapo. Zochita zake ndi zofanana pa akachisi onse. Amawerama pa chipata, amasamba m'manja ndi kutsuka m'kamwa, kenaka amaliza belu kamodzi. Belu salizidwa potuluka, chifukwa amati kutero kumafafaniza madalitso. Amapita ku nyumba yaikulu yopemphereramo, n'kuyatsa kandulo imodzi ndi timitengo titatu ta lubani, n'kuponya m'bokosi kapepala kotchedwa osamefuda kamene walembapo dzina lake ndi pempho lake, n'kulakatula mawu opatulika. Zomwezo amakazichitanso pa nyumba ya Kobo Daishi. Akatha zonsezi m'pamene amapita kukadinditsa buku lake, kumene mlembi amalemba ndi kaburashi ka inki yakuda dzina la kachisi pamwamba pa zidindo zofiira. Timapepala ta osamefuda tili ndi mitundu: woyamba kumene amanyamula toyera, wozungulira ka 50 amanyamula tagolide, ndipo wofika ka 100 amanyamula tansalu yopeta.

Chovala cha henro chimalankhulanso. Malaya ake oyera ndi ofanana ndi nsalu yovekera maliro, chifukwa kale munthu ankanyamuka akudziwa kuti mwina sadzabwerera, ndipo ndodo yake inkasanduka chizindikiro cha pamanda ake akafera panjira. Pa ndodoyo pamalembedwa mawu akuti dogyo ninin, kutanthauza kuti oyenda ndi awiri: munthuyo ndi Kobo Daishi. Choncho akafika pogona amayamba watsuka kunsi kwa ndodo asanasambe mapazi ake, ndipo pa mlatho saigogoda pansi, pokumbukira nthano yoti Kobo Daishi anagonapo kunsi kwa mlatho ku Ozu atasowa womulandira.

KUPATSA N'KUIKA

Tafika tsopano pa mtima wa nkhani. Chimene chimasiyanitsa njira ya ku Shikoku ndi maulendo ena achipembedzo ndi mwambo wotchedwa osettai. Munthu wa m'mudzi akaona wovala zoyera akudutsa, amamupatsa nachesi, kapu ya tiyi, mpunga wophika, ndalama pang'ono, ngakhale malo ogona aulere. Wopatsayo sayembekezera malipiro, ndipo wolandirayo sayenera kukana. Chimene amabweza ndi kapepala kake ka osamefuda basi. Maganizo ake ndi akuti wopatsa mlendo wapatsa Kobo Daishi amene akuyenda naye, ndiponso kuti mayi wokalamba amene sangathe kuyenda makilomita 1,200 amayenda nawo ulendowo kudzera m'mphatso yake. Kwathu kuno timati kupatsa n'kuika, ndipo anthu a ku Shikoku angaumve mwambi umenewu popanda wowamasulira.

Mwambowu uli ndi nthano yake, ndipo nthanoyo imathera m'munsi mwa Shosanji momwemo. Amati kunali munthu wolemera koma woumira dzina lake Emon Saburo, wa ku dera la Iyo, limene lero ndi Ehime. Tsiku lina mmonke wopemphetsa anaima pakhomo pake, ndipo iye anamuthamangitsa n'kumuswera mbale yake zidutswa 8. Pambuyo pake ana ake 8 anamwalira motsatizana. Atazindikira kuti mlendo uja anali Kobo Daishi, anagawa chuma chake n'kuyamba kuzungulira chilumba kuti akapepese. Anazungulira ka 20 osamupeza. Ulendo wa 21 anaganiza zoyenda mobwerera kuti akumane naye maso ndi maso, ndipo anagwa ali wolefuka pa malo amene lero akutchedwa Joshin-an, kumene Kobo Daishi anamupeza n'kumukhululukira asanatsirizike. Chifukwa cha nthanoyi, anthu ambiri amayenda mobwerera, kuyambira pa 88 kutsikira pa 1, m'chaka chimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29, monga zinalili mu 2016 ndi mu 2024.

Taonani kuti nthano yaikulu ya ulendowu siikamba za wapaulendo woyera mtima. Ikukamba za mwini khomo amene anakana mlendo. Makolo a pachilumbachi anadziwa kuti njira imaima kapena kugwa chifukwa cha anthu okhala m'mphepete mwake. Kachisi angakhale ndi denga lokongola chotani, ngati pakati pa iye ndi mnzake palibe khomo lotseguka, woyenda pansi sangafikeko. Kuchokera pa Iwamotoji, nambala 37, kukafika pa Kongofukuji, nambala 38, ku ndomo ya Ashizuri, pali makilomita oposa 80, ulendo wa masiku atatu. Amene amasunga moyo wa munthu m'masiku atatuwo ndi mwini kanyumba kogona alendo, mwini kagolosale ndi mlimi wa m'mbali mwa msewu.

SI KALE LONSE LINALI LOKOMA

Tisanayambe kulira kuti mwambo wabwino ukutha, tiyenera kunena zoona za kale lake. Mwa oyenda njirayi munali amphawi, othawa ngongole, opirikitsidwa m'midzi mwawo, ndi odwala khate amene abale awo anawatulutsa m'nyumba. Ambiri a iwo ankazungulira mpaka imfa chifukwa analibe kobwerera, ndipo akhate ankadutsa tinjira tawotawo ta m'mapiri kuti asaonedwe. Olamulira a ku Tosa, kumene lero ndi Kochi, ankaika malamulo okhwima oletsa apaulendo kupatuka pa njira kapena kukhalitsa m'dera lawo. Boma latsopano la Meiji litalekanitsa Chishinto ndi Chibuda mu 1868, akachisi angapo a ku Kochi anatsekedwa, ndipo apolisi ankagwira apaulendo opemphetsa ngati anthu osokoneza. Lamulo la 1907 linayamba kutsekera akhate m'malo apadera, ndipo mu 1909 malo otere anatsegulidwa pa kachilumba ka Oshima pafupi ndi Takamatsu. Malamulo opatula akhate anathetsedwa mu 1996. Mtsikana wina wa zaka 24, Takamure Itsue, amene pambuyo pake anadzakhala wolemba mbiri ya amayi wotchuka, anayenda ulendowu mu 1918 n'kumatumiza nkhani zake ku nyuzipepala ya ku Kumamoto, ndipo zimene analemba zikuonetsa chifundo ndi chipongwe zikuyendera limodzi pa njira yomweyo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, apaulendo anachepa kwambiri ndipo nyumba zambiri zogona alendo zinatsekedwa. Chimene chinautsa ulendowu ndi galimoto. Mu 1953 kampani ya Iyo Tetsudo ya ku Matsuyama inayendetsa basi yoyamba yozungulira akachisi onse, ndipo kwa zaka makumi angapo zotsatira akachisi anadalira magulu a okalamba obwera pa mabasi. Milatho italumikiza Shikoku ndi chilumba chachikulu cha Honshu mu 1988, 1998 ndi 1999, kufika kunaphweka koposa. Njira za m'mapiri zinamera thengo kufikira pamene munthu wina wa ku Matsuyama, Miyazaki Tateki, anadzipereka kuzilambula, kukhoma zikwangwani zofiira zolozera njira ndi kusindikiza mapu a oyenda pansi, ntchito imene anaigwira mpaka imfa yake mu 2010. M'zaka za m'ma 1990 kuyenda pansi kunayambanso kukondedwa, makamaka ndi opuma pantchito, ochotsedwa ntchito ndi achinyamata ofuna kulingalira za moyo wawo. Ngakhale wandale Kan Naoto, amene anadzakhala nduna yaikulu mu 2010, anameta mpala n'kuyamba ulendowu mu 2004, nautsiriza pang'onopang'ono mu 2013.

Phunziro lake ndi lakuti njirayi inafookapo kangapo, ndipo nthawi zonse inadzuka chifukwa panapezeka anthu oidzutsa. Funso la lero ndi lakuti anthuwo achokera kuti.

MIDZI IKUTHA ANTHU

Mu 1985 pa Shikoku panali anthu oposa 4.2 miliyoni. Kalembera wa 2020 anapeza pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chikutsikabe. Chigawo cha Kochi ndicho chinali choyamba m'dziko lonse la Japan kuona omwalira akuposa obadwa, mu 1990, ndipo pofika 2020 munthu mmodzi mwa atatu aliwonse kumeneko anali wa zaka 65 kapena kuposerapo. Kunali ku Kochi komweko kumene katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Ono Akira, anayambitsa mawu akuti genkai shuraku, kutanthauza mudzi wofika pamapeto, mudzi umene oposa theka la anthu ake ndi okalamba kotero kuti sangathenso kulambula njira, kukonza ngalande kapena kuika maliro mwa iwo okha. Kafukufuku wa boma wa 2023 anapeza nyumba zopanda anthu zokwana 9 miliyoni m'dziko lonse, ndipo ku Tokushima nyumba yoposa imodzi mwa zisanu zilizonse inali yopanda wokhalamo. M'mudzi wa Nagoro, m'chigwa cha Iya, sukulu inatsekedwa mu 2012, ndipo pa mipando ya ana pakhala zidole zansalu zimene mayi wina wa m'mudzimo amasoka pokumbukira anthu amene anachoka. Mphunzitsi aliyense woona chithunzi cha kalasi imeneyo amagwidwa ndi chisoni.

Zotsatira zake pa njira ya henro n'zoonekeratu. Nyumba zambiri zogona alendo zimayendetsedwa ndi bambo ndi mayi okalamba amene ana awo anapita ku Osaka kapena ku Tokyo. Mmodzi akadwala, nyumbayo imatsekedwa, ndipo pa mapu pamatsala mpata wa makilomita ambiri wopanda pogona. Mliri wa COVID-19 unafulumizitsa zimenezi: mu 2020 zipinda zodindira zinatsekedwa kwa kanthawi, mabasi anaima, ndipo eni nyumba ena amene anatseka poyembekezera kuti mliri udutse sanatsegulenso. Mvula yoopsa ya mu Julayi 2018, imene inasefukira ku Ozu, Seiyo ndi Uwajima m'chigawo cha Ehime, inagumula mbali zina za njira, ndipo ntchito yokonza inagwera anthu ochepa omwewo. Akachisi nawonso ali pa vuto lomwelo. M'dziko la Japan muli akachisi a Chibuda pafupifupi 77,000, ndipo ambiri amadalira mabanja a m'mudzi amene amapereka ndalama pa maliro ndi pa zikumbutso za makolo. Mabanja akasamuka, wansembe amatsala ndi denga lofuna kukonza koma wopanda omuthandiza. Kukwera kwa mtengo wa chidindo kuja kukuchokera pamenepa.

ALENDO ACHOKERA KUTALI

Pamene eni dziko akuchepa, alendo akunja akuchuluka. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaika Shikoku pa mndandanda wa malo oyenera kuwaona chaka chimenecho, ndipo mabuku a Lonely Planet anachita chimodzimodzi pa mndandanda wa 2022. Dziko la Japan litatsegulanso zipata zake kwa alendo mu Okutobala 2022, chiwerengero chinakwera mpaka kufika 36.9 miliyoni mu 2024, kuposa 31.9 miliyoni a mu 2019. Ambiri amathera ku Tokyo, Kyoto ndi Osaka, koma ena mwa iwo, makamaka amene anayendapo njira ya ku Santiago de Compostela ku Spain, amafika ku Shikoku kudzayenda pansi. Mu 2015 zigawo zinayi za chilumbachi zinasainirana pangano la ubale ndi chigawo cha Galicia, kumene njira ya ku Spain ija imathera.

Pali zabwino zambiri pamenepa. Woyenda pansi ndiye amagona m'nyumba zazing'ono za m'midzi ndi kugula m'timagolosale, pamene wa pa basi amadutsa pa liwiro kukagona ku hotela ya mumzinda. Nyumba zina zimene zikanatsekedwa zikupuma chifukwa cha alendo akunja. Mwambi umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ena mwa alendowa amasulira mapu m'zinenero zawo, ena akhazikika n'kutsegula nyumba zogona anzawo.

Komabe walira mvula walira matope. Mayi wa zaka 80 amene sadziwa Chingelezi amavutika kulandira lamya ya mlendo, ndipo mlendo amene walonjeza kufika koma osafika amasiya chakudya chophikidwa kale chikuzizira pa tebulo. Pali ena amene amamva za osettai n'kuganiza kuti Shikoku ndi malo oyenda mwaulere, motero amasandutsa mphatso kukhala ngati ngongole imene eni mudzi ayenera kubweza. Mbali inayo, mtima wa Emon Saburo sunatheretu. Mu 2014, chaka chomwecho cha chikondwerero, m'tinyumba topumira m'mbali mwa njira munapezeka zikalata zonyoza anthu a ku Korea, mayi wina wa ku South Korea atavomerezedwa kukhala mtsogoleri wa apaulendo n'kumamata zizindikiro zolozera njira m'chinenero chake. Akuluakulu a akachisi ndi a boma anadzudzula zikalatazo ndipo zinachotsedwa, koma nkhaniyo inaonetsa kuti kulandira mlendo ndi chinthu chimene mbadwo uliwonse uyenera kuphunzira mwatsopano.

KODI UNESCO NDIYO MANKHWALA?

Kuyambira 2006 zigawo zinayi za Shikoku zakhala zikupempha kuti njirayi ilembedwe m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse, kaundula yemwe uja mmene munalowa zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006 ndi phiri la Mulanje mu 2025. Njira za ku Kumano ndi phiri la Koya, kutsidya kwa nyanja, zinalowa mu 2004. Boma la Japan linayankha a ku Shikoku kuti ayambe ateteza malowo ndi malamulo ndiponso afotokoze bwino phindu lake kwa anthu a dziko lonse. Kuyambira 2010 zigawo zina za njirayi zakhala zikulembedwa ngati malo a mbiri otetezedwa ndi boma, ndipo mu 2015 ulendo wonse unapatsidwa ulemu wotchedwa Japan Heritage. Koma ku UNESCO sunafike.

Kuchedwaku kuli ndi chifukwa chozama. Kaundula ameneyu amateteza zinthu zogwirika: nyumba, miyala, njira, nkhalango. Nyumba zambiri za akachisi a ku Shikoku zinapsa ndi kumangidwanso kangapo, ndipo gawo lalikulu la njira lero ndi msewu wa phula wodutsa magalimoto. Chuma chenicheni cha ulendowu ndi nachesi loperekedwa pa mpanda ndi mphasa yoyalidwira munthu wosamudziwa, ndipo zimenezi sizingazingidwe ndi waya kapena kukhomedwa chikwangwani. Sitikunena kuti kulembedwako n'kopanda pake. Kungabweretse ndalama zokonzera njira za m'mapiri ndi kuletsa omanga kuononga malo. Koma kungabweretsenso chikhamu cha anthu ojambula zithunzi pa akachisi ofikika ndi galimoto, pamene midzi ya pakati ikupitirira kuzima. Dzina lingakope alendo, koma silingabereke mwana m'mudzi wopanda achinyamata.

CHITSANZO CHA KAMIYAMA

Yankho labwinopo likuoneka m'boma lomwe lija muli Shosanji. Mu 1955 Kamiyama inali ndi anthu pafupifupi 21,000, ndipo pofika 2020 anatsala osakwana 5,000, oposa theka ali okalamba. Mitengo itagwa mtengo, anthu anatsala ndi ulimi wa timandimu tobiriwira totchedwa sudachi. Koma gulu la eni mudzi, limene linadzakhala bungwe la Green Valley, linayamba mu 1999 kuitana amisiri a zojambula ochokera kunja kuti adzakhale nawo miyezi ingapo. Pambuyo pake linayamba kupereka nyumba zopanda anthu kwa mabanja achinyamata amene ali ndi luso limene mudzi ukulisowa, monga ophika buledi ndi okonza zinthu. Popeza chigawo cha Tokushima chinali chitayala kale mawaya a intaneti yothamanga mpaka m'mapiri, kuyambira 2010 makampani a makompyuta a ku Tokyo anatsegula maofesi m'nyumba zakale za alimi. Mu Epulo 2023 kunatsegulidwa sukulu ya ukachenjede wa zaumisiri yotchedwa Kamiyama Marugoto, yogonera komweko, imene imalandira ophunzira pafupifupi 40 pa chaka kuchokera m'dziko lonse.

Chiwerengero cha anthu a ku Kamiyama sichinasiye kutsika, ndipo eni ake sabisa zimenezo. Chimene asintha ndi mtundu wa anthu otsala: m'mudzi mukumvekanso mawu a ana. Anthu a kumeneko amanena kuti kuzolowera kwawo kulandira henro kwa zaka mazana ambiri ndiko kunawaphunzitsa kusaopa nkhope yachilendo. Ngati zili choncho, ndiye kuti osettai wabweza yekha chimene anaikiza: mudzi umene unkapatsa mlendo tiyi wapeza mwa mlendo womanga nawo mudzi.

Palinso ntchito zina zazing'ono zoloza komweko. Kuyambira 2001 katswiri wa zomangamanga Uta Ichiyo, mothandizana ndi anthu ongodzipereka, wamanga tinyumba topumira toposa 50 m'mbali mwa njira. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Febuluwale anthu zikwi zingapo amagawana njira yonse n'kuiyendera tsiku limodzi, kuona pamene pagumuka ndi pamene chikwangwani chagwa. Masukulu ena a m'mbali mwa njira amatenga ana awo kukapereka tiyi kwa apaulendo ndi kupachika m'mitengo timapepala towalimbikitsa pokwera phiri. Mwa zonsezi, ya anayi ndiyo yofunika koposa, pakuti mwana amene wapatsapo mlendo madzi ali ndi zaka 10 sadzafuna lamulo lomuuza kutero ali ndi zaka 50.

MAWU OTSIRIZA

Maganizo athu ndi awa. Ndalama zimene maboma a Shikoku akuononga pokopa alendo ndi pofunafuna dzina ku UNESCO ziyenera kuyendera limodzi ndi ndalama zothandiza banja lachinyamata kulowa m'nyumba yogona alendo imene mwini wake wakalamba, chifukwa nyumba imodzi yotsekedwa pa malo oipa ingadule njira ya masiku atatu. Akachisi, amene tsopano akulandira mayeni 500 pa chidindo, ayenera kukumbukira kuti wofika pa chipata chawo wadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene salandira kanthu. Ndipo mlendo, kaya wachokera ku Tokyo kaya ku Paris, adziwe kuti mlendo ndi mame: afike pa nthawi imene walonjeza, alipire pamene pali polipira, alandire mphatso ndi manja awiri, ndipo asiye njira ili bwino kuposa mmene anaipezera.

Pa ndodo ya henro palembedwa kuti oyenda ndi awiri. Kunena zoona akhala ali atatu kuyambira kale, pakuti pali wina amene sachoka pakhomo pake koma ndiye amachititsa kuti awiriwo afike. Wachitatuyo wakalamba tsopano, ndipo tsogolo la akachisi 88 lidalira ngati papezeke womulowa m'malo.